Nsangwe ndi Ana Ake Osaoneka

Mwezi wa Novembala, mizere itapangidwa kale, aliyense maso ali kumwamba kudikira mvula yobzalira, munthu wa kwa Kuntaja amakhala ndi mwayi umene wa ku Ndirande kapena ku Limbe alibe. Magetsi a mumzinda wa Blantyre amatsalira kuseri kwa phiri la Michiru, ndipo ukangotalikira pang'ono bwalo la ndege la ku Chileka, kapena kupatuka mumsewu wa M1 pa Lirangwe n'kulowa m'midzi, mdima umakhala wandiweyani. Usiku wina kukakhala kopanda mitambo, mwezi usanatuluke, mukatha kudya nsima tayang'anani kum'mawa chopendekera kumpoto. Muona kagulu ka nyenyezi zothithikana ngati njere za mapira zimene zagwera malo amodzi. Imeneyo ndiyo Nsangwe. Pasanathe maola awiri, kum'mawa kwenikweni kumatuluka nyenyezi zitatu zondondozana pamzere umodzi, zimene makolo anazitcha Akamwiniatsatana. Munthu wokulira kuno, kumene mwamuna amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, safuna womumasulira dzinalo.

Maina amenewa ndi akale. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anawapeza ali kale pakamwa pa anthu, nawaika m'buku la Yobu ndi la Amosi. Kuwala kwa Nsangwe kumene kukulowa m'maso mwanu usiku umenewu nakonso n'kwakale. Ngakhale kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kwatenga zaka pafupifupi 440 kuti kufike kuno. Kunanyamuka mafumu a Maravi, a Kalonga ndi a Lundu, ali pachimake pa ulamuliro wawo.

Tsopano ziwerengeni. Anthu ambiri amapeza zisanu ndi imodzi, ndipo mwana wa maso akuthwa amafika pa zisanu ndi ziwiri, mwina kupitirirapo. Mu 1610, Galileo wa ku Italy atalozetsako telesikopu yake yaing'ono anajambula nyenyezi 36. Lero akatswiri amadziwa kuti banja la Nsangwe lili ndi nyenyezi zoposa 1,000. Zimene timaonazo ndi zikuluzikulu zochepa chabe, zotentha kwambiri, zowala mobiriwira. Unyinji wa banjali ndi tinyenyezi tofooka, ndipo pansi pa timeneti pali zina zimene sizinayake n'komwe. Nkhani ino ikunena za ana osaonekawo: alipo angati, amakhala mbali iti ya banja, ndipo amapita kuti akakula.

Moto wokolera ndi moto wosakolera

Nyenyezi imabadwira mumtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi, wozizira ndi wamdima, umene umayandama m'mlengalenga. Mbali ina ya mtambowo ikathithikana, mphamvu yokoka imayamba kusonkhanitsira zonse pakati. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga amadziwa kuti pampu imatentha m'manja, chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha. N'chimodzimodzi ndi nyenyezi yobadwa kumene, kungoti chopanikiza ndi kulemera kwake komwe. Pakatikati pakafika madigiri mamiliyoni angapo, mpweya wa haidrojeni umayamba kuphatikana n'kusanduka hiliyamu, ndipo kusandukako kumatulutsa kutentha ndi kuwala. Pamenepo ndiye kuti moto wakolera. Pakati pa dzuwa lathu, limene nalonso ndi nyenyezi, pamatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni.

Tsogolo lonse la nyenyezi limatsatira kulemera kumene yabadwa nako. Zolemera kwambiri ndi moto wamapesi: zimalilima koopsa, koma pakangotha zaka mamiliyoni owerengeka zimaphulika n'kutha. Dzuwa lili pakatikati. Lakhala likuyaka zaka 4.6 biliyoni ndipo latsala ndi zina zonga zomwezo. Tinyenyezi topepuka, tofiira, tili ngati chikuni cha tsanya chimene chimanyeka pang'onopang'ono usiku wonse. Timasunga nkhuni zake mwakuti chiyambire chilengedwe palibe ngakhale kamodzi mwa timeneti kamene kanazima chifukwa cha ukalamba.

Koma kupepuka kuli ndi malire. Mu 1962 katswiri wina wochokera ku India, Shiv Kumar, anawerengetsa masamu n'kupeza kuti chinthu chikabadwa chopepuka kwambiri, za m'kati mwake zimafika pothinana mwakuti sizingapanikizikenso, kutentha kusanafike poyatsa haidrojeni. Malirewo ali pa kulemera kofanana ndi mapulaneti a Jupiter pafupifupi 75. Kuti mumvetse, dzuwa limalemera ngati ma Jupiter oposa pang'ono 1,000. Chinthu chotsika pa malirewo chimawala ndithu chikadali chakhanda, ndi kutentha kumene chinapeza popanikizika, ndipo chikaposa ma Jupiter 13 chimatenthako kwa kanthawi mtundu wina wosowa wa haidrojeni wotchedwa deuterium. Zikatha izo chimangozizira, monga uvuni wa njerwa umene umakhalabe wotentha masiku angapo moto utazima, kenako n'kupola. Mu 1975 Jill Tarter wa ku America anazipatsa dzina la Chingerezi lakuti brown dwarf. Dzinalo limasokeretsa pang'ono, pakuti mukanaziyandikira mukanaziona zofiira moderako. M'nkhani ino tizitcha nyenyezi zosakolera, kapena mwachidule zosakolera. Chodabwitsa chake n'chakuti kaya yosakolera ilemere ngati ma Jupiter 20 kaya 70, ikakhazikika kukula kwake kumakhala kofanana ndi Jupiter mmodzi. Kulemera kowonjezerako kumangoithinitsa.

Zaka zoposa 30 zinadutsa zosakolera zili papepala pokha. Anthu anazifunafuna, ena analengeza kuti azipeza, kenako n'kubweza mawu. Vuto linali losavuta kulimvetsa. Khala lamoto limaoneka mumdima likangochoka pambaula, koma likazizira ndi khala lakuda pakati pa usiku wakuda. Nzeru inali yakuti azifufuze zikadali zofiira, ndiye kuti m'magulu a nyenyezi zobadwa kumene. Gulu lotere lili ndi ubwino winanso. Nyenyezi zake zonse zinabadwa nthawi imodzi, kuchokera mumtambo umodzi, ndipo zili pamtunda wofanana kuchokera kuno. Ina ikaoneka yofooka kuposa inzake, chifukwa chake si ukalamba kapena kutalika kwa mtunda, koma kupepuka basi.

N'chifukwa chake maso anatembenukira kwa Nsangwe. Mu Januwale 1994, akatswiri atatu a ku Spain, Rafael Rebolo, María Rosa Zapatero Osorio ndi Eduardo Martín, anajambula mbali ina ya gululi ndi telesikopu ya galasi la masentimita 80 okha, pa phiri la Teide pachilumba cha Tenerife, kufupi ndi gombe la kumpoto chakumadzulo kwa Africa. Pazithunzipo panali kadontho kofiira kwambiri, kofooka kwambiri. Anakatcha Teide 1, nalengeza za iko mu Seputembala 1995. Kamalemera ngati ma Jupiter pafupifupi 55. Chaka chomwecho gulu lina ku America linalengeza za yosakolera ina, Gliese 229B, imene imazungulira kanyenyezi kofiira kapafupi ndi ife.

Anatsimikiza bwanji kuti Teide 1 si kanyenyezi wamba? Apa pali nzeru imene ine ndimaikonda kuposa zonse m'nkhaniyi, chifukwa imagwiritsa ntchito chinthu chimene ambiri tili nacho m'thumba: lithiyamu, yemwe uja wa m'mabatire a foni. Mtambo uliwonse wobala nyenyezi umakhala ndi lithiyamu pang'ono. Lithiyamu amawonongeka pa madigiri pafupifupi 2.5 miliyoni, kutentha kotsikirapo pang'ono pa kumene kumayatsa haidrojeni. Tsono kanyenyezi kakang'ono kamatakasika konsekonse ngati phala lowira, zapansi kukwera, zapamwamba kutsika, mwakuti pakapita nthawi lithiyamu yense amadutsa pamoto wapakati n'kutheratu. Yosakolera yopepuka sifika pa kutentha kumeneko, ndiye lithiyamu wake amakhalapobe. Rebolo ndi anzake anaganiza za njirayi mu 1992, ndipo atapima kuwala kwa Teide 1 ndi telesikopu yaikulu ya Keck ku Hawaii, chizindikiro cha lithiyamu chinalipo. Njira yomweyi inakonzanso zaka za Nsangwe. Kale ankati ili ndi zaka 70 kapena 80 miliyoni, koma ataona pamene lithiyamu wathera ndi pamene watsala pakati pa tinyenyezi take, anapeza kuti ili ndi zaka pafupifupi 125 miliyoni. Poyerekeza ndi dzuwa, ameneyo ndi mwana woyamwa.

Kalembera wa kumwamba

Kupeza imodzi ndi nkhani ina, kuwerenga zonse ndi inanso. Tayerekezani kuti mwaima pamsika wa Lirangwe tsiku la msika, ndipo mwauzidwa kuti muloze anthu a banja limodzi pakati pa ogula, ogulitsa, akabaza ndi ongodutsa. Poyang'ana kamodzi simungathe. Koma mukadikira, muona kuti ena akuyendera limodzi, akulowera njira imodzi. Akatswiri amachita zomwezo. Kumbuyo ndi kutsogolo kwa gulu lililonse kuli nyenyezi zambirimbiri zosakhudzana nalo, koma za banja limodzi zimasuntha pamodzi, mbali imodzi, pa liwiro limodzi. Kusunthako n'kochepa kwambiri moti kumafuna zithunzi za zaka zotalikirana kapena makina olondola ngati Gaia, chombo cha mayiko a ku Ulaya chimene chinaponyedwa m'mlengalenga mu Disembala 2013 n'kuyeza malo a nyenyezi zoposa biliyoni imodzi. Pa zosakolera amagwiritsanso ntchito makamera oona kuwala kwa infrared, kuwala kosaoneka ndi maso konga kumene rimoti ya TV imatulutsa, chifukwa zinthu zofunda koma zosayaka zimawala kwambiri mwa mtundu umenewo.

Woyamba kuika kalemberayu m'masamu anali Edwin Salpeter, mu 1955. Anaonetsa kuti nyenyezi zikamapepukirapepukira, chiwerengero chake chimakwera mofulumira: zikuluzikulu n'zosowa, zapakati n'zambiri, zazing'ono n'zochuluka koposa. Lamulo limenelo likanapitirira osaima, zosakolera zikanakhala zosawerengeka, ndipo panali nthawi imene ena ankaganiza kuti mwina ndizo zikubisa kulemera kosaoneka kwa Mlalang'amba, khamu lalikulu la nyenyezi limene dzuwa lathu lilimo. Kuwerenga kwenikweni kunakana zimenezo. Chiwerengero chimakwera mpaka pa nyenyezi zolemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a dzuwa, kenako chimayamba kutsika. Nyenyezi imene chilengedwe chimabala kawirikawiri ndi kanyenyezi kofiira. Pa nyenyezi zinayi zilizonse za mu Mlalang'amba, pafupifupi zitatu ndi zotere, komabe palibe ngakhale imodzi imene mungaione ndi maso, ngakhale mumdima wa kwa Kuntaja. Yoyandikana kwambiri ndi dzuwa, Proxima Centauri, ili pamtunda umene kuwala kumayenda zaka 4.2 zokha, koma inadziwika mu 1915, pamene Robert Innes anaiona pazithunzi ku Union Observatory mumzinda wa Johannesburg.

Nanga zosakolera? M'magulu aang'ono amene awerengedwa mosamala, pa nyenyezi ziwiri mpaka zisanu zilizonse pamapezeka yosakolera imodzi. Mu 2017 gulu lotsogoleredwa ndi Koraljka Mužić linawerenga m'gulu lothithikana kwambiri la RCW 38, lodzaza ndi nyenyezi zikuluzikulu zotentha, n'kupeza muyeso wosasiyana kwenikweni ndi wa magulu abata. Potengera zimenezo anati Mlalang'amba ungakhale ndi zosakolera pakati pa 25 biliyoni ndi 100 biliyoni. Chimene chimandigwira mtima pano ndi kufananako. Mlimi aliyense amadziwa kuti munda wa kudambo ndi wa kumtunda subereka mofanana. Koma mitambo yobala nyenyezi, yaikulu ndi yaing'ono, yothinana ndi yotakasuka, imagawa ana ake pafupifupi mwa muyeso umodzi, ndipo aliyense wofuna kufotokoza kubadwa kwa nyenyezi ayenera kuyamba wafotokoza chimenechi.

Lichero

Funso lachiwiri ndi la malo. Bwererani kwa Akamwiniatsatana. Chakummwera kwa nyenyezi zitatuzo kuli kamzere kena ka nyenyezi zofooka, ndipo yapakati pake imaoneka ngati yakutidwa ndi kautsi. Umenewo ndi mtambo wa Orion, pamtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 1,350, ndipo m'menemo nyenyezi zikubadwa lero lino. Zambiri sizinapitirire zaka mamiliyoni awiri. Pakatikati penipeni pali zinayi zikuluzikulu zotchedwa Trapezium, zimene zimawalitsa mtambo wonsewo, ndipo zazing'ono zikwizikwi zamwazikana mozungulira. Mu Nsangwe namonso zolemera zaunjikana chapakati, zopepuka zafalikira kutali.

Mayi amene akupeta mphale angazimvetse msanga zimenezi. Lichero likamagwedezeka, zolemera zimakhazikika, gaga amathamangira kumphepete n'kuuluka. M'gulu la nyenyezi chogwedeza ndi mphamvu yokoka. Nyenyezi ziwiri zikadutsana pafupi zimakokana, ndipo kawirikawiri yolemera imataya liwiro n'kumira chapakati, pamene yopepuka imapatsidwa liwiro n'kukankhidwira kunja. Zikachitika kambirimbiri kwa zaka mamiliyoni, zopepuka zina zimafika pothawiratu.

Zotsatira zake mungazione ndi maso usiku womwewo. Pakati pa Nsangwe ndi Akamwiniatsatana pali nyenyezi zopanga chilembo cha V, chokhala ndi nyenyezi yofiira yowala kunsonga ina. Yofiirayo, Aldebaran, ndi mlendo wongodutsa, ili pafupi ndi ife kuposa zinzakezo. Zotsalazo ndi gulu la Hyades, pamtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 150, ndipo lili ndi zaka zoposa 600 miliyoni. Ili ndi banja limene lapetedwa nthawi yaitali. Mu 2008 Jérôme Bouvier wa ku France ndi anzake atafufuza dera lalikulu la pakati pake anapezamo zosakolera ziwiri zokha, zochepa kwambiri poyerekeza ndi za mu Nsangwe. Mu 2019, miyeso ya Gaia inaonetsa michira iwiri yaitali ya nyenyezi zimene zikuchoka m'gululi, wina kutsogolo wina kumbuyo. Ichi ndicho chifukwa china chimene kalembera amachitikira m'magulu aang'ono. Ukachedwa, upeza ana atabalalika, ndipo uwerenga nkhalamba zokha.

Mkangano umene ulipo ndi wa chiyambi. Kodi zosakolera zimapepuka chifukwa chiyani? Mu 2001 Bo Reipurth ndi Cathie Clarke anapereka ganizo lakuti ndi ana olandidwa bere. Nyenyezi zingapo zikamabadwira malo amodzi, zikulimbirana mpweya womwewo, yofooka imakankhidwira kunja isanakhute, n'kukhala yopinimbira moyo wake wonse. Ganizoli ndi lokoma kulimva, ndipo limayezeka. Likanakhala loona pa zonse, zosakolera zikanapezeka kutali ndi kumene zinabadwira, zikuthamanga kuposa zinzake. Kevin Luhman wa ku America anafufuza zimenezi m'mitambo ya Taurus, yomwe kumwamba imaoneka kufupi ndi Nsangwe, ndipo anapeza kuti zosakolera zakhala malo omwewo amene pali nyenyezi zinzake, osati kumphepete. Zambiri zinapezekanso zili ndi chimbale cha mpweya ndi fumbi chozizungulira, chonga chimene nyenyezi wamba zakhanda zimakhala nacho, ndipo zina zili ziwiriziwiri motalikirana, ubale umene kukankhidwa mwamphamvu kukanaudula. Choncho akatswiri ambiri lero amati zosakolera zochuluka zimabadwa monga nyenyezi ina iliyonse, kuchokera ku kachidutswa kakang'ono ka mtambo kamene kanathinana pakokha. Kukankhidwa kumachitika ndithu, komanso pafupi ndi nyenyezi zikuluzikulu kuwala koopsa kungathe kuuluza mpweya wa khanda lisanakule, koma zimenezi zikuoneka kuti ndi njira zapambali.

Kodi kachidutswa kangachepe mpaka pati? Masamu a m'zaka za m'ma 1970 ankaloza kuti mtambo sungagawike kupitirira zidutswa zolemera ngati ma Jupiter owerengeka. Mu 2000, Philip Lucas ndi Patrick Roche anaona mu mtambo wa Orion zinthu zopepuka kuposa ma Jupiter 13 zikuyandama zokha popanda nyenyezi yozizungulira, ndipo chaka chomwecho Zapatero Osorio uja anapeza zina m'gulu la Sigma Orionis, pafupi ndi mkamwini wa kum'mawa pa atatu aja. Mu 2021 Núria Miret-Roig ndi anzake analengeza zosachepera 70 zotere m'dera la Upper Scorpius. Telesikopu ya James Webb, imene inanyamuka pa 25 Disembala 2021, yatsika kuposa pamenepo. Mu 2023 Luhman anapeza nayo, m'gulu la IC 348, kanthu kolemera ngati ma Jupiter atatu kapena anayi okha. Apa maina amayamba kutsamwa. Polemera n'chimodzimodzi pulaneti, koma kabadwidwe kake ndi ka nyenyezi. Ine ndimaona kuti kabadwidwe ndiko koyenera kutchula dzina, monga mwana amadziwika ndi mtundu wake, osati ndi msinkhu.

Dzuwa nalonso, malinga ndi umboni umene ulipo, linabadwira m'gulu, ndipo abale ake anabalalika kalekale m'Mlalang'amba monse. Zotizungulira lero ndi ana a mabanja ena, ndipo pakati pawo pali zosakolera zimene zinachoka kwawo. Mu 2013 Luhman, pofufuza zithunzi za chombo cha WISE, anapeza ziwiri zozungulirana pamtunda wa zaka za kuwala 6.5 zokha. Kupatula banja la Alpha Centauri ndi nyenyezi ya Barnard, palibe china chodziwika chimene chili pafupi ndi dzuwa kuposa ziwirizi. Zimatchedwa Luhman 16. Chifukwa zili kumwamba kwa kummwera, ina mwa matelesikopu oyamba kupima kuwala kwake inali SALT ya ku Sutherland, m'dziko la South Africa. Iliyonse imalemera ngati ma Jupiter pafupifupi 30, zimazungulirana kamodzi pa zaka pafupifupi 27, ndipo zakutidwa ndi mitambo ya fumbi la miyala imene imasinthasintha pa maola owerengeka.

Mwezi wa Epulo, chimanga chikuuma m'minda ndipo Nsangwe ikulowa msanga kumadzulo cha ku Shire, tembenukirani kummwera cha m'ma 9 koloko usiku. Muona nyenyezi zinayi zopanga mtanda, ndi ziwiri zowala zikuzitsatira chakumanzere, mmunsi. Yowala kwambiri pa ziwirizo ndi Alpha Centauri, ndipo Proxima ili pambali pake, yobisika. Kwezani maso kuchoka pamtandawo, chakumanja, kupitirira pang'ono theka la mtunda wochokera pansi kufika pamwamba pa mutu wanu. Luhman 16 ili pamenepo, pamalo pamene maso anu akuona mdima wokha.